Bango la a Gibson

Gibson, mlimi wa kachewere amene anakwatira ku Biriwiri, ndi munthu woti akanena kuti mbuzi iyi ndi nkhosa mumangovomera kuti mupume, ndipo tsiku limenelo analowa m'shopu ya hadiweya ya Che Sidiki pa Ntcheu Boma atanyamula bango lalitali ndi manja awiri. Che Sidiki nawo ndi munthu wabwino, kungoti mukawauza kuti dikirani pompo mudzawapeza pompo ngakhale mvula itagwa, ndiye atangoona bangolo anaimirira, kuvula magalasi, n'kuzimitsa wailesi.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu.

"Zikomo."

"Zachitika liti?"

"M'mawa womwe uno."

"Zonse ndi za Mulungu." Che Sidiki anayang'ana bango kuyambira pansi mpaka pamwamba. "Anali aafupi ndithu."

"Ndani?"

"Malemu."

"Malemu ake ati?"

"Amene mwawayezawo. Koma mabokosi sitikhoma kuno, bambo, amakhoma kuseri kwa msika. Ife tili ndi misomali yokha ndi vanishi."

Gibson anagogoda bango pansi. "Che Sidiki, ili ndi tailosi."

"Limenelo ndi bango."

"Ndikunena kuti ndi muyeso wa tailosi!"

"Ohoo." Che Sidiki anavalanso magalasi, kuyatsanso wailesi, n'kukhala pansi. "Ndiye pepani uja ndabweza. Mundikhululukire, bambo, koma kwathu kuno munthu akatuluka m'mawa atanyamula bango lodula bwino chonchi, ndiye kuti wayeza mtembo, akupita kwa akalipentala kukakhometsa bokosi."

"Ndikudziwa. Ndinabadwira konkuno ine. Koma ndani analemba pabango kuti ndi la maliro okha? Bango ndi bango."

"Palibe analemba."

"Basi. Ndipatseni chodulira matailosi. Chofiira chija chili pashelefu apo."

Che Sidiki anachitsitsa, kuchipukuta fumbi ndi kansanza, n'kuchiika pakauntala. Chinali kanthu kooneka bwino ndithu, njanji ziwiri, chogwirira chimodzi, ndi kawilo kakang'ono kamene kamalemba mzere patailosi musanalithyole. Anatenga bango n'kuligoneka pamwamba pake. Theka lake linatsala lili lende m'mwamba, kuloza kumatini a penti.

"Sichikwana," anatero.

"Chikwana."

"Ichi chimadula mpaka masentimita sikisite. Bango lanu lapitirira."

"Musayang'ane mbali yopitirirayo. Yang'anani mbali yokwanayo."

Che Sidiki anayang'ana mbali yokwanayo, nthawi ndithu. "Mbali iyi yakwana," anavomera.

"Mwaona?"

"Nanga inayo mukaisiya kuno?"

Gibson anapumira m'mwamba ngati munthu amene akuphunzitsa ng'ombe kulima. "Tamverani. Matailosi angawa si timatailosi ta m'bafa ayi. Ndi a poselini, ndinawagula pa Lizulu kwa anyamata odutsa nawo kuchokera ku Mozambique. Limodzi lokha ngati chitseko cha nkhokwe ya sukulu. Kunyezimira kwake, tambala wanga anadziona n'kuyamba ndewu."

"Anapambana ndani?"

"Tailosi."

"Poselini ndi wolimba," anatero Che Sidiki. "Kawilo aka kangomukanda. Mukathyola, athyokera kumene akufuna yekha. Pakatoni pake sanalembe muyeso?"

"Analemba m'Chipwitikizi."

"Manambala a Chipwitikizi ndi omwewa."

"Mukudziwa bwanji? Ndalama zawo n'zosiyana ndi zathu, manambala alekerenji?"

"Nanga tepi mulibe?"

"Tepi imanama. Mmisiri wanga Fanizo anayeza chitseko ndi tepi, chitseko chinabwera chopereweza, mpaka lero mphaka amalowa osawerama. Bango silinama."

"Fanizoyo ndi amene akayale matailosi?"

"Eya."

"Iye wati mugule chiti?"

"Wati chachikulu."

"Ndiye?"

"Fanizo ndinamutenga kuti ayale matailosi, osati kuti aziganiza."

Che Sidiki anagwedeza mutu, poona kuti pamenepa palibe funso limene afunsidwa. Gibson anasendera pafupi, kuyang'ana kukhomo ngati kukubwera munthu, n'kutsitsa mawu.

"Ndikuuzeni ngati mwamuna mnzanga. Ine ku Biriwiri ndili pa chikamwini. Kwathu ndi ku Nsipe. Ndinalowa m'mudzi wa akazi anga tsitsi lili bii, taonani pano." Anavula chipewa. "Munda ndi wawo, dimba ndi lawo, ngakhale mthunzi umene ndimakhalapo ndi wa mtengo wawo. Ndikatsokomola, madzulo nkhani ili pachitsime. Ndinapempha chitengwa, kuti ndiwatenge a Veronica tikakhale kwathu. Mwini mbumba ndi malume awo, a Julius. Anati manga kaye nyumba ya malata kwanuko. Ndinamanga. Anabwera, anati mawindo akhale agalasi. Ndinaika. Anabwera, anaponda pansi ndi nsapato, akuti mwana wa mlongo wanga sangakalambire pasimenti, ikani matailosi. Loweruka lino akubwera kudzaona. Akapeza pansi posatha, Che Sidiki, ine adzandiika m'manda a eni ake."

"Ndiye bango lija lidzagwira ntchito."

"Musamatero."

"Ndangonena."

"Chifukwa chake ndikufuna chaching'onochi. Chilowa m'thumba la kachewere, palibe aone. Anthu a m'mudzi muja akaona mkamwini wanyamula chinthu chachikulu, madzulo onse amakumbukira kuti mchere wawathera. Matailosi omwewo ndinawalowetsa pansi pa matumba a fetereza. Ali kuchipinda kwathu ku Biriwiri, poti ku Nsipe sikugona munthu. M'mudzimo akudziwa ndi a Veronica okha."

"Chinsinsi ndachimva," anatero Che Sidiki. "Koma chodulirachi sichinamve. Chikadali sikisite."

"Tidula theka, titembenuza, tidulanso theka linalo."

"Sililowa n'komwe. Njanjizi zatsekedwa uku ndi uku. M'lifupi likhoza kulowa, m'litali ayi."

"Ndiye tizidula m'lifupi mokhamokha."

"Nanga mzere wa m'mbali mwa khoma? Umenewo umafuna kudula m'litali."

"Khoma tisuntha."

Che Sidiki anawerama kuseri kwa kauntala, n'kutulukako ndi chinyundo chachikulu, kuchiika pafupi ndi chodulira chija.

"Ichi n'chachiyani?"

"Chosunthira khoma. Pali china cholemera kuposa ichi, ngati khomalo ndi la njerwa zootcha."

"Iii, bambo inu! Ndigumule nyumba imene ndamanga ndi thukuta langa?"

"Mwanena ndinu."

"Chotsani!"

Chinyundo chinabwerera kumene chinachokera. Che Sidiki anapinda manja. "Pali gilayinda," anatero. "Ndi diski ya dayamondi, imadula poselini mulimonse, kaya m'litali, kaya pozungulira paipi. Fumbi lokha ndilo lambiri. Ku Nsipe magetsi alipo?"

"Mawaya ndinaika. Maswichi ndinaika. Mababu ali m'chipinda chilichonse, ngakhale pakhonde."

"Magetsi?"

"Amenewo okha ndiwo sanafike."

"Ndiye mababuwo amatani?"

"Amadikira."

"Gilayinda nayo ikadikira nawo limodzi."

"N'chifukwa chake ndikuti chofiirachi! Kodi kudula chinthu kunayamba lero? Mayi anga ankadula botolo ndi ulusi woviika m'palafini, lii, n'kukhala tambula yomwera."

"Palafini tili naye. Ulusi ndi shopu yachiwiri."

"Sindikufuna palafini!"

"Chabwino."

Pawailesi munthu anali kuwerenga mauthenga a maliro, ndipo Che Sidiki anachepetsako pang'ono. Anatenganso bango lija, kulitembenuza, kuyang'ana podulidwa pake.

"Ine sindigulitsa chodulira popanda muyeso woona, bambo, poti katundu akatuluka pakhomo apo sabwereranso. Tandiuzeni mmene mwayezera."

"Bwinobwino. Ndadzuka, ndapita kudambo, ndadula bango. Ndalowa nalo m'nyumba, ndatseka chitseko."

"Mwatsekeranji?"

"Chinsinsi chija. Komanso a Veronica anali mtulo. Akhala akudwala malungo sabata yonseyi, mudzi wonse wakhala ukubwera kudzawazonda. Dzulo ndiye anayamba kupezako bwino, amwa mankhwala, akugona ngati mwala. Ndiye ndayeza mwakachetechete, ndadula bango pomwe pathera tailosi, ndatuluka, ndatsekanso chitseko kuti ana a eni ake asasuzumire."

"Akazi anuwo ndi aatali?"

"Amandilekeza m'khwapa. Mukufunsiranji?"

"Palibe. Panjira simunakumane ndi munthu?"

"Apongozi anga aakazi, akuchokera kumjigo."

"Munawapatsa moni?"

"Aaa, Che Sidiki! Mkamwini kupereka moni kwa apongozi aakazi maso ndi maso? Ine ndinaleredwa. Ndinapatukira m'chimanga, ndinagwada, ndinayang'ana pansi, osanena kanthu."

"Bango lili kuti?"

"M'manja, nanga likhala kuti?"

"Iwo anatani?"

"Anagwetsa ndowa. Akalamba mayi aja, manja ayamba kunjenjemera."

"Kenako?"

"Anayamba kufuula dzina la mwana wawo, manja ali kumutu. Amamukonda kwambiri, ndi chitsiriza."

"Inu munatani?"

"Ndinathamangira minibasi, inali itaima kale pamsewu. Ndipo ndikuuzeni, anthu a Ntcheu ayamba ulemu masiku ano. Kondakitala anatsitsa munthu pampando wakutsogolo kuti ndikhalepo ine. Mayi wina kumbuyo anandipatsira nthochi, n'kuyamba kuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Mpaka pano pa Boma palibe anaseka m'minibasi muja."

Che Sidiki anakanda chibwano. "Ine mwandiuza kuti bangoli ndi tailosi."

"Eya."

"Iwo aja munawauza?"

"Sanafunse."

"Ohoo."

"Ohoo chiyani?"

"Ohoo basi. Foni mulibe?"

"Ndazimitsa. Ndisanafike ndi pa mlatho pomwe inali italira kale osapuma. Alamu, azakhali, mpaka akulu a mpingo. Ndimawadziwa ine. Munthu ukangopita ku Boma, aliyense amafuna umugulire sopo."

Che Sidiki anali ndi maganizo awo, koma munthu anali atawauza kale kuti bango ndi bango, ndipo iwo si munthu wowonjezera pa zimene auzidwa. Analowa kuchipinda cha katundu. Kunamveka kukwekwereza, kenako anatulukira chafutambuyo akukoka chibokosi chamatabwa, chachitali, chopapatiza, chokhala ndi zogwirira za chingwe uku ndi uku. Anachikokera pakati pa shopu n'kutsegula chivundikiro.

"Chachikulu ndi ichi. Njanji zonenepa, kawilo kolimba, ndi mikono iyi yotambasula yogwiriziza tailosi kuti lisalendewere. Chimadula mpaka pafupifupi mita ndi theka." Anagonekapo bango. Linagona bwinobwino, kutsala malo. "Chakwana."

Gibson anayang'ana bokosi, anayang'ana thumba la kachewere limene anapinda m'khwapa. "Chimenechi chilowa m'thumba?"

"Mutu wokha."

"Ndiye sindichifuna. Ndikatsike nacho paminibasi mudzi wonse ukuona? Mawa lake azakhali adzafuna ndiwadulire galasi, alamu adzafuna kubwereka kuti akaonetse anzawo. Ayi. Chofiira."

"Chofiira sichikwana."

"Vuto si chodulira. Vuto ndi bangoli, latalika."

"Mwati bango silinama."

"Silinama, koma limakokomeza. Ndiye kuti podula paja ndinasiyako pogwira."

"Pogwira pake potalika bwanji?"

"Pang'ono."

Che Sidiki anabwezera bango pa chodulira chofiira. Theka lija linalozanso kumatini a penti. "Pogwira pake ndi ponsepa?"

"Mwina."

"Muli ndi manja aakulu."

"Che Sidiki, ine ndabwera kudzagula, sindinabwere kudzayezedwa manja! Ngati bangolo likukusowetsani mtendere, lichepetseni likwane, tithane!"

Che Sidiki anatenga sowo pakhoma. Gweee, gweee, thyo. Chidutswa chinagwera pansi n'kugubudukira kumapazi a Gibson. Chotsalacho anachigoneka pakati pa njanji za chodulira chofiira, n'kuchiwongola ndi chala.

"Chakwana," anatero.

Gibson anatong'ola maso. "Mwatani?"

"Ndalichepetsa."

"Muyeso wanga!"

"Mwati ndilichepetse likwane."

"Ndimanena mokwiya!"

"Simunanene kuti mukunena mokwiya. Ndikukulungireni, kapena muika nokha m'thumba?"

Apa ndiye panali povuta. Gibson anali atapambana, ndipo palibe chinthu chimene chimamusokoneza munthu wamakani ngati kupambana mwadzidzidzi. Anatola chidutswa chija pansi, kuchiyang'ana, kuyang'ananso chinzake.

"Koma tailosi lija kunyumba silinafupike," anatero pang'onopang'ono.

"Za kunyumba sindikuzidziwa. Ine ndimaona muyeso umene kasitomala wabwera nawo."

"Ndabwera ndi wautali."

"Pano muli ndi waufupi."

Gibson analumikiza zidutswa ziwirizo pakauntala, mutu ndi mutu. "Nanga apa?"

"Amenewo ndi matailosi awiri aang'onoang'ono. Onse akwana pa chofiira."

"Ndi limodzi!"

"Likanakhala limodzi silikanakhala ndi mpata pakati."

"Mpatawo mwaika ndinu!"

"Mwa chilolezo chanu."

Gibson anazungulira bokosi lalitali lija kamodzi, chipewa chili m'manja. Kunena kuti Fanizo ananena zoona sakanatha, lilime likanakana. Kunyamula chofiira n'kukapeza kuti sichidula, Loweruka lili pakhomo, nakonso sakanatha.

"Chabwino," anatero. "Kuti muone kuti ine sindinalakwe, ndiwaimbira a Veronica andiwerengere manambala a pakatoni aja."

"A Chipwitikizi?"

"A Veronica anakhalako ku Villa, ku Mozambique, ali mwana, amawamva."

Anatulutsa foni m'thumba la jekete n'kuiyatsa. Sanafike poti adine nambala. Inalira pomwepo, ndipo popeza foni ya Gibson inagwerapo m'dimba n'kusiya kulankhulira kukhutu, mawu anatulukira pasipika, shopu yonse kumva. Kumbuyo kwake kunali phokoso la anthu ambiri, miphika ikugundana, ndi munthu mmodzi amene anali akulirabe, mwina uthenga unali usanamufike.

"Bambo a Alinafe," anatero mawu a Veronica, odekha kwambiri, kudekha kumene mwamuna aliyense wokwatira amakuopa. "Muli kuti?"

"Pa Boma. Mwadzuka bwanji? Tamverani, tapitani pamakatoni paja mundiwerengere..."

"Ine ndamwalira. Mukudziwa?"

Che Sidiki anaimirira, kuvula magalasi, n'kuzimitsa wailesi. "Pepani, mayi," anatero akuweramira pafoni.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi a shopu, asiyeni. Mwamwalira bwanji, mayi a Alinafe?"

"Funsani bango lanu! Ine ndadzidzimuka ndi nyimbo. Ndimayesa ndikulota kwaya. Kusuzumira pazenera, amayi a mvano adzaza khonde lonse, nkhuni zaunjikidwa pabwalo, adzukulu anyamula kale makasu kupita kumanda. Palibe walowa m'nyumba, akuti adikire mwini mbumba. Ine n'kumati kodi wamwalira ndani, ndivale chiyani? Ndikufufuza chitenje, chitseko chatseguka. Malume. Achoka pa Lizulu panjinga yamoto, kusiya kachewere wawo pamsewu, maso ali psuu ndi kulira. Andipeza ndakhala pamakatoni anu ndikumanga duku."

"Ndiye anatani?"

"Anandifunsa kuti ukupita kuti. Ndati kumaliro. Nditatuluka panja, amayi a mvano athawira m'chimanga, mabuku a nyimbo mbwee. Amayi anga akomoka kawiri, koyamba poti ndafa, kachiwiri poti ndadzuka. Mbuzi ya malume inali itaphedwa kale kuti ikhale ndiwo pamaliro."

"Yaikazi ija?"

"Yomweyo."

"Matailosi awaona?"

"Mkazi wanu wauka kwa akufa, inu mukufunsa matailosi?"

"Ayi, ndikuthokoza kuti muli moyo, koma..."

"Awaona onse. Azakhali atenga kale limodzi, akuti akapangire thebulo."

"Limenelo silifunika kudula," anatero Che Sidiki.

Gibson anakhala pachitini cha penti. Manyazi anamugwira, enieni, ofika m'mafupa. Anaona nkhope ya apongozi ake paja ndowa ikugwa, mayi wokalamba amene ngakhale sanalankhulanepo maso ndi maso, ankamutumizira chimanga chowotcha kumunda. Ndipo anaona nyumba ya ku Nsipe, malata ake, magalasi ake, mababu ake odikira, zonse zitapita pachabe chifukwa cha bango la kudambo.

"Malume akuti bwanji?" anafunsa ndi mawu aang'ono. "Nenani, musandibisire."

"Aimirira pakati pa bwalo, anthu onse akumva. Akuti chikhalire sanaonepo mkamwini wotere. Akuti lero waika m'manda mwana wa mlongo wawo ali moyo, mawa adzaika mudzi wonse. Akuti sakufunanso kukuonani m'mudzi muno. Mutenge katundu wanu, mutenge matailosi anu, mutenge mkazi wanu, muzipita kwanu ku Nsipe dzuwa lisanalowe."

Gibson anadzutsa mutu.

"Bwerezani pomalizapo."

"Mutenge mkazi wanu, muzipita kwanu."

"Nanga za Loweruka? Za pansi pa nyumba?"

"Akuti ngakhale mukandigoneke pamchenga, si nkhani yawo."

Gibson anayang'ana kudenga. Mawu amenewa anawadikira mpaka tsitsi kuthothoka. Ankaganiza kuti adzanenedwa pamphasa, thobwa lili pakati, akuluakulu akuomba m'manja. Abwera ngati chitukwano, pamaliro abodza, koma ndi omwewo, ndipo mtima wake unadumpha ngati mwana wa ng'ombe. Misozi inalengeza.

"Mukulira," anatero Che Sidiki. "Ndipepese kapena ndisapepese?"

"Dikirani kaye." Gibson anayandikitsa foni. "Nanga inuyo, mayi a Alinafe, mukuti bwanji? Mupita nane, munthu wochititsa manyazi chonchi?"

"Ndamanga kale katundu. Ndinayamba kumanga chaka cha malata chija, simunkaona?" Mawu a Veronica anatsika. "Koma fulumirani. Akulu a mpingo awatengera malume pansi pa mtengo, akuwauza za kukhululuka. Amayi nawo atsitsimuka, akuti mkamwini wawo ndi waulemu, anagwada bwino. Malume ayamba kufewa. Pompano ndawamva akufunsa ngati nyumba ya ku Nsipe ili ndi siling'i."

Gibson anadzuka pachitini ngati walumidwa. "Siling'i?"

"Siling'i. Akakukhululukirani, bambo a Alinafe, tikalambira pompano."

Foni inaduka.

Pamene Gibson ankatembenuka, anapeza Che Sidiki atalowetsa kale chodulira chofiira m'thumba la kachewere, kumanga pakamwa pake ndi chingwe, n'kuika zidutswa ziwiri za bango pambali mwaudongo.

"Chanu ichi, monga munanenera. M'thumba. Palibe adzaone. Mabolodi a siling'i tili nawonso, ngati mukufuna muyambiretu."

Gibson sanayang'ane thumba. Maso ake anali pa chibokosi chija pakati pa shopu, chachitali, chopapatiza, cha matabwa oyera, zogwirira za chingwe zili lende uku ndi uku.

"Che Sidiki."

"Bambo."

"Bokosili limapita limodzi ndi chodulira chake?"

"Limapita."

"Chivundikiro chimakhomedwa?"

"Ngati mukufuna. Misomali tili nayo."

"Pa kabaza wa njinga yamoto limakwera?"

"Mopingasa. Koma limaonekera patali, bambo. Kuchokera pano mpaka ku Biriwiri palibe amene sangaliyang'ane. Ena amavula ndi zipewa." Che Sidiki anakweza kachidutswa ka bango. "Komanso muyeso wanu ukuti chaching'ono."

Gibson anavala chipewa chake, kuchikanikiza bwino, n'kugwira chingwe cha mbali imodzi.

"Muyeso usiyeni. Khomani chachikulucho, ndipo musachiphimbe ndi kanthu. Ndikufuna ndikadutse nacho pakhomo pa apongozi asanandikhululukire."